Mabuku a Serviço Social kuno ku Tete: logula, lobwereka ndi lolisiya pa shelefu

Wophunzira Serviço Social, maphunziro a ntchito yothandiza anthu ovutika, m'chigawo cha Tete sasowa chowerenga. Chimene amasowa ndi ndalama, ndipo kandalama kochepako nthawi zambiri kamathera pa buku limene silidzamuthandiza tsiku limene adzakhale pa desiki. Akangolembetsa maphunziro amalandira mndandanda wautali wa mabuku, ambiri a ku Brazil, ena a ku Portugal, ndipo sabata isanathe amakhala ali kale pamzere kwa ojambula mapepala. Tekiniko wa acção social amene akugwira ntchito ku Ulongwe, ku Furancungo kapena ku Tsangano vuto lake ndi lina. Mabuku ali nawo, koma ndi aja anaphunzirira zaka zapitazo, pomwe malamulo anasintha kalekale.

Taunika mitundu ya mabuku imene imafika m'manja mwa anthu amenewa, pamodzi ndi ntchito ya mafotokope imene imawafikitsa. Muyeso wathu ndi umodzi wokha. Mayi wafika pakhonde la SDSMAS, ofesi ya m'boma yoona za umoyo, amayi ndi chisamaliro cha anthu, mwana kumbuyo, wayenda kuyambira mbandakucha. Kodi bukulo mukalitsegula likuuzani chochita, ofesi yoti mumutumizeko, ndi lamulo la Mozambique loti mutsamirepo? Likatero ndi logula. Likapanda kutero mwina ndi labwinobe, koma ndi lobwereka.

Khasu la ntchitoyi ndi buku la malamulo

Ndalama yoyamba ipite ku colectânea de legislação, buku lija losonkhanitsa malamulo a banja, ana ndi amayi pamalo amodzi. Silikoma kuwerenga, koma ndi limene mudzalitsegule kawirikawiri kuposa ena onse. Msampha wake uli pa chaka. Mu 2019 dziko lino linasintha malamulo anayi amene ntchito yathu imayendera, ndipo mabuku osindikizidwa kusinthaku kusanachitike adakali pa mashelefu ndi m'miyulu ya mafotokope imene ophunzira amapatsirana chaka ndi chaka.

Tsegulani pa zamkatimu, mufufuze Lei da Família. Mukaona nambala 10/2004, bwezani bukulo kwa mwini wake, tsobola wakale sawawa. Lamulo limenelo linalowedwa m'malo ndi Lei 22/2019, ndipo kusiyana kwake si kwa mawu chabe. Lakalelo linkalola mwana wa zaka 16 kulowa m'banja makolo akavomera. Khomo limenelo linatsekedwa, ndipo Lei 19/2019 yolimbana ndi maukwati a ana inafika patali. Wolangidwa si mwamuna yekha ayi, komanso kholo, mfumu kapena mtsogoleri wa mpingo amene wathandiza kumanga ukwati wotere, ndipo ngakhale kutomera mwana kokha ndi mlandu. Tekiniko wodalira buku lakale akhoza kuuza banja la ku Domwe kuti poti makolo avomera palibe chovuta, n'kuwagwetsera m'dzenje iye ali ndi mtima wofuna kuthandiza.

Lamulo la banja latsopanoli linasinthanso za união de facto, kukhalira limodzi kwa mwamuna ndi mkazi popanda ukwati wolembetsa. Kale kukhalira limodzi kopitirira chaka chimodzi kunkakwanira, tsopano ziyenera kupitirira zaka zitatu. Ukwati wa mwambo lamulo limauvomereza, koma uyenera kulembetsedwa ku registo, ndipo kuno kwathu maukwati ambiri amathera m'manja mwa ankhoswe basi. Ndiye kuti nambala ya zaka imeneyi ndi imene nthawi zambiri imasonyeza ngati mayi wamasiye ali ndi poyambira pa nkhani ya nyumba ndi katundu. Pambali pake pali Lei 23/2019 ya chuma cha masiye, imene inakweza mkazi kapena mwamuna wotsala n'kumuika pamodzi ndi ana pakati pa olandira chuma. Lachinayi ndi Lei 24/2019, Código Penal yatsopano. Manambala a ma artigo, ndime za lamulo, anasintha, choncho mukalemba relatório (lipoti) n'kutchula artigo ya mu Código ya 2014, a ku procuradoria, ofesi ya oimira boma pa milandu, adzaona msanga kuti mwakopera m'buku lakale, ndipo zina zonse zimene mwalemba adzaziwerenga mokayikira.

Colectânea yabwino ikhalenso ndi malamulo ena akale amene akugwirabe ntchito: Lei 7/2008 yoteteza ufulu wa mwana, Lei 8/2008 ya kayendetsedwe ka milandu ya ana, Lei 29/2009 ya nkhanza za m'banja zochitidwa kwa amayi, Lei 4/2007 ya protecção social, ndi Lei 3/2014 ya ufulu wa okalamba. La okalambali ambiri amaliiwala, chonsecho nkhani za agogo onenedwa ufiti kapena olandidwa munda zimafika ku maofesi a m'maboma nthawi ndi nthawi. Amene adzagwire ntchito ku Moatize awonjezere Decreto 31/2012 ya kusamutsa anthu chifukwa cha ntchito za chuma. Mabanja oposa 1,000 anasamutsidwira ku Cateme ndi ku bairro 25 de Setembro kuti mgodi wa malasha utsegulidwe, ena anapita ku Mualadzi, ndipo decreto imeneyi inatuluka patangopita miyezi yochepa anthu a ku Cateme atatseka njanji mu January 2012. Palibe buku la kunja limene lingakuphunzitseni nkhani imeneyi kuposa lamulolo ndi malipoti olembedwa za malo omwewo.

Onetsetsani kuti bukulo lili ndi lamulo lonse, osati chidule cha munthu wina. Chizindikiro chake n'chakuti pamwamba pa lamulo lililonse pali nambala, tsiku, ndi Boletim da República, gazeti ya boma, imene linatulukiramo. Colectânea yatsopano ikasowa, kapena mtengo ukakhala wosafikirika, sindikizani malamulowo limodzilimodzi kuchokera mu Boletim da República, muwamange buku limodzi. Malamulo ndi a tonse, palibe amene mukumubera. Matani tizidutswa ta pepala m'mphepete mwa masamba pamene pali nkhani zobwera kawirikawiri, monga alimentos, tutela, poder parental ndi união de facto, kuti musamachite kufufuza munthu akudikira.

Mabuku a ku Brazil

Amenewa ndi amene adzadza mindandanda ya aphunzitsi, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Ku Brazil kumalembedwa zambiri za Serviço Social m'Chipwitikizi kuposa kwina kulikonse. Mphamvu yawo ili pa kuganiza. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 olemba a kumeneko anakana kuona umphawi ngati vuto la munthu mmodzi waulesi kapena wosadziwa, n'kuyamba kufunsa za nthaka, ntchito, malipiro ndi ndale zimene zimabala umphawiwo. Ndi chimene amatcha questão social. Wophunzira amene wamvetsa zimenezi sadzadabwa kuona mwana wa zaka 12 akusoka fodya ku Macanga m'malo mokhala m'kalasi, ndipo sadzathamangira kunyoza makolo asanafunse za ngongole ya feteleza imene banjalo liyenera kubweza pokolola. Phunziro limeneli ndi lofunika kwambiri, ndipo sitikufuna kuti wina alinyalanyaze.

Koma mabukuwa anamangidwa pa malamulo ndi maofesi a ku Brazil. Mudzapezamo ECA, lamulo lawo la ana la 1990, LOAS ya 1993, SUAS, CRAS, CREAS, Conselho Tutelar, Bolsa Família ndi Lei Maria da Penha ya 2006. Palibe ngakhale chimodzi mwa izi chimene chili ku Mozambique. Cholakwika chimene chimabwerezedwa chaka chilichonse m'malipoti a estágio, nthawi yophunzira ntchito pa ofesi, ndi kulemba kuti mwanayo atumizidwe ku Conselho Tutelar. Ku Angónia kulibe ofesi yotero. Kuno nkhani ya nkhanza imapita ku Gabinete de Atendimento à Família e Menores Vítimas de Violência ya ku polisi, ku chipatala, ndi ku procuradoria. Wosowa ndalama ya loya amapita ku IPAJ. Nkhani ya thandizo la ndalama kwa okalamba ndi olumala ndi ya INAS. M'midzi muli makomiti oteteza ana, ndipo nambala 116 ya Linha Fala Criança ndi yaulere. Ngakhale msinkhu woyankha mlandu ndi wosiyana. Kuno ndi zaka 16, pomwe ku Brazil ndi 18, ndipo kumeneko ana a zaka 12 mpaka 18 ali ndi njira yawoyawo imene mabukuwo amaifotokoza masamba ambirimbiri osatikhudza.

Njira yachidule yodziwira kumene buku lachokera, ngakhale chikuto chitathothoka, ndi kalembedwe. Mukaona ação ndi proteção, bukulo si la kuno, chifukwa zolemba za boma la Mozambique zimalembabe acção ndi protecção. Kumbukiraninso izi pofufuza mawu mu PDF. Mukalemba ndi c ziwiri m'buku la ku Brazil simudzapeza kanthu.

Ndiye mabuku akuluakulu a mbiri ndi nzeru za ntchitoyi bwerekani, werengani mitu imene aphunzitsi apereka, lembani notsi, bwezani. Mwa a ku Brazil, oyenera kugula ndi mtundu umodzi wokha, aja ofotokoza zida za ntchito, amene pachikuto kapena mu zamkatimu muli mawu onga entrevista, visita domiciliar, estudo social, relatório ndi parecer social. Ngakhale pamenepo samalani, chifukwa ena amakamba za zidazo mwa nzeru zakuya masamba 200 osakuonetsani ngakhale lipoti limodzi lolembedwa. Lopanda chitsanzo cha lipoti lathunthu, kuyambira pa dzina la ofesi mpaka pa siginecha, lisiyeni.

A ku Portugal ndi ochepa ndiponso okwera mtengo. Ubwino wawo ndi wakuti mawu a malamulo amafanana ndi athu, poti Código Civil yathu inachokera ku ya Portugal ya 1966. Koma nawonso ali ndi CPCJ ndi RSI zawo zimene kuno kulibe. Buku limodzi pa gulu lonse la ophunzira ndi lokwanira.

Za Chingerezi zodutsa pa Zobwe ndi pa Calómuè

Ambiri a ife tili ndi abale ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza, ena anaphunzira pulayimale ku Malawi nthawi ya nkhondo, choncho Chingerezi si chachilendo kwenikweni m'mphepete mwa malire muno. Mabuku a kaunjika a social work amene amalowa kuchokera kumeneko ambiri ndi a ku Britain ndi America. Pa luso la kucheza ndi munthu wovutika, amenewa amaposa ena onse amene tawaona. Amaphunzitsa kufunsa funso losatsogolera yankho, kukhala chete osadula munthu pakamwa, kusiyanitsa chimene mwaona ndi maso ndi chimene mukuganiza polemba notsi, kujambula genograma (chithunzi cha ubale wa pabanja) ndi ecomapa (chithunzi cha anthu ndi mabungwe ozungulira banjalo), ndi kuyeza ngati mwana ali pangozi lero lomwe kapena nkhaniyo ingadikire. Luso lotere silikalamba msanga, choncho buku la zaka khumi zapitazo likhoza kukhala labwinobe. Mitu ya malamulo, monga Children Act ya 1989, idumpheni yonse.

Zolembedwa ku Malawi komweko zili ndi ntchito ina. Pa nkhani ya bambo amene wathawira kutsidya kusiya ana, kapena mtsikana amene wakwatiwira ku Dedza, n'kothandiza kudziwa kuti kumeneko kuli Child Care, Protection and Justice Act ya 2010 ndi lamulo la maukwati la 2015. Koma musasakanize. Mtukula Pakhomo wa ku Malawi si PSSB (Programa Subsídio Social Básico), thandizo la ndalama la kuno, ndipo njira yosankhira olandira si imodzi. Phindu lalikulu la timabuku ta ku Malawi ndi Chichewa chake, chifukwa anzathuwo anayamba kale kufunafuna mawu a chilankhulo chathu onenera za nkhanza, ufulu wa ana ndi uphungu.

Banja la m'buku ndi banja la kwathu

Apa ndi pamene mabuku onse amene tawatchula amaperewera mofanana, ndipo palibe ndalama imene ingagule lokwanira. Buku la ku São Paulo, la ku Lisboa kapena la ku London likamati banja limatanthauza bambo, mayi ndi ana m'nyumba imodzi. Zambiri zolembedwa ku Maputo zimaganizira za kum'mwera, kumene kuli lobolo ndipo ana ndi a kuchimuna. Pakati pa Achewa a ku Macanga, Chifunde ndi madera ambiri a Angónia nkhani imayenda mwina. Pa chikamwini mwamuna ndi amene amapita kukakhala kwa mkazi, munda ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi malume. Pa chitengwa mkazi amatengedwa kupita kwa mwamuna, koma mwamunayo akamwalira kapena banja likatha, funso la kumene mayi ndi ana apite limabuka pomwepo. Pakati pa Angoni mudzapeza mabanja otsata njira iyi ndi ena otsata inayo, nthawi zina m'mudzi umodzi womwewo.

Zotsatira zake pa ntchito n'zooneka. Tekiniko wotsata buku mwakhungu amapita kukayendera mwana wamasiye, n'kucheza ndi bambo womupeza kwa ola lathunthu poti ndi amene walembedwa pa ficha (fomu) kuti chefe do agregado familiar, mutu wa banja, n'kugwirizana naye zoti mwanayo abwerere ku sukulu. Pakatha mwezi palibe chasintha, chifukwa amene ali ndi mawu pa mwanayo ndi amalume ake okhala mudzi wina, ndipo iwo sanafunsidwe. Genograma ya m'buku imayambira pa bambo ndi mayi n'kutsika. Kuno jambulani kuyambira pa agogo aakazi a kuchikazi, muike alongo a mayi onse, mulembe amene ali nkhoswe mbali iyi ndi mbali inayo, ndipo muike chizindikiro pa munthu amene amagawa minda. Mukatero mudzaona amene ayenera kukhalapo pa zokambirana.

Koma mwambo usakuiwalitseni lamulo. Mabuku ena a chikhalidwe amakometsa mphamvu ya ankhoswe ndi mafumu ngati kuti nkhani iliyonse ingathere pabwalo. Mikangano ya malire a munda kapena kusamvana wamba m'banja ingathere kumeneko, ndipo makhoti a m'midzi analoledwa ndi Lei 4/92. Nkhanza za m'banja ndi crime público, kutanthauza kuti mlandu suzimitsidwa chifukwa chakuti mayi wakhululuka kapena ankhoswe agwirizana. Kugwirira mwana sikulipidwa ndi mbuzi. Buku lililonse lokamba za kuyanjanitsa anthu limene silinena momveka kuti ndi nkhani ziti zosayenera kuyanjanitsidwa ndi loopsa m'manja mwa wophunzira.

Pofuna kudzaza mpata umenewu, malipoti a kafukufuku wochitidwa m'dziko muno amathandiza kuposa mabuku a m'kalasi. Mabungwe a kafukufuku a IESE ndi WLSA Moçambique amaika zolemba zawo zambiri pa intaneti kwaulere, ndipo ziwerengero zenizeni zili ku INE, ofesi ya boma ya ziwerengero, mu kalembera wa 2017 ndi m'mafukufuku a IDS a za chiwerengero cha anthu ndi umoyo. Mwachitsanzo, IDS ya 2011 inapeza kuti amayi 48 pa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 analowa m'banja asanakwanitse zaka 18. Polemba monografia, kafukufuku womalizira maphunziro, tchulani chaka cha chiwerengero nthawi zonse, chifukwa panachitikanso IDS ina mu 2022 ndi 2023.

Timabuku ta unduna ndi mabungwe

Ma manual ndi ma guião amene amagawidwa pa maphunziro a masiku ochepa anthu amawanyoza poti ndi aulere, komatu ndi amene ali pafupi kwambiri ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Amanena za maofesi athu, ali ndi ma ficha enieni, ndipo amafotokoza njira ya gestão de casos mwatsatanetsatane: kuzindikira nkhani, kulembetsa, kuyeza vuto, kupanga pulani, kutumiza, kulondoloza ndi kutseka. Wophunzira amene akupita ku estágio apemphe kuona timabuku timeneti tsiku loyamba.

Zofooka zake ndi ziwiri. Tambiri tilibe chaka, ndipo tina tinalembedwera pulojekiti imene inatha, moti timatchula thandizo limene kulibenso. Mukaona mawu akuti Programa de Subsídio de Alimentos, dziwani kuti kabukuko n'kakale, chifukwa dzinali linasintha kukhala Subsídio Social Básico. Kabuku ka nkhanza za kugonana kayeseni ndi chinthu chimodzi: kodi kakunena kuti wogwiriridwa afike ku chipatala maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV? Ngati nambala imeneyi mulibe, kapena yabisika patsamba lakumapeto, kabukuko kakhoza kupangitsa munthu kutaya tsiku lonse akudikira kalata pomwe nthawi ya mankhwala ikutha.

Kuyesa buku musanalipire

Mphindi 15 zimakwana. Yambani ndi tsamba la kuseri kwa mutu, pamene pali chaka, malo osindikizira ndi edição. Samalani ndi mawu akuti reimpressão, chifukwa amatanthauza kuti angosindikizanso zomwezo osasintha kanthu, ndiye chaka chatsopano cha pachikuto chikhoza kubisa zolemba zakale. Kenaka tengani nkhani zitatu zimene mukudziwa kuti zidzakupezani. Mtsikana wa zaka 15 ali ndi pakati ndipo makolo akufuna kumupereka kwa mwini mimba. Agogo akulera zidzukulu zinayi, alibe BI, ndipo anawo alibe cédula. Mayi wamenyedwa kachitatu koma akuopa kusiya banja chifukwa cha munda. Fufuzani nkhani iliyonse mu zamkatimu. Buku limene lakupatsani poyambira pa ziwiri mwa zitatuzi ndi loyenera ndalama yanu. Pomaliza werengani ndime imodzi ya pakati mokweza, ndipo muyese kuinena m'Chichewa. Ngati simungathe ngakhale mutawerenga kawiri, bukulo si la chaka chino, lidikire.

Pa za kafukufuku, buku limodzi la metodologia ndi lokwanira maphunziro onse. Sankhani limene lili ndi mutu wa kupempha chilolezo kwa ofunsidwa ndi kusunga chinsinsi, makamaka pofunsa ana.

Ntchito ya mafotokope ndi ma PDF

Kunena zoona, ophunzira ambiri buku lenileni saligwira n'komwe, amagwira fotokope. Ntchito ya ojambula mapepala m'tauni ya Tete ndi m'maboma ndi yofulumira ndiponso yotsika mtengo poyerekeza ndi kuitanitsa buku ku Maputo, koma zolakwika zake n'zomwezomwezo kulikonse. Chachikulu ndi kudumpha tsamba la mutu ndi la chaka pofuna kupulumutsa pepala limodzi. Mukatero mwatsala ndi mulu wa mapepala wosadziwika mwini wake, simungautchule mu monografia, ndipo simungadziwe ngati malamulo ake ndi a 2019 isanafike. Uzani wojambulayo ayambe ndi masamba awiri amenewo. Buku lokhuthala likapanda kukanikizidwa bwino pa galasi, pakati pamatuluka mthunzi wakuda umene umadya mawu oyamba a mzere uliwonse. Nthawi zina manambala a masamba amadulidwa m'munsi. Werengani masamba onse muli pomwepo musanalipire, poti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mukafika ku Tsangano n'kupeza kuti mutu wachinayi ulibe mapeto simudzabwerera.

Masamu ake ndi awa. Buku la masamba 320, mukaika masamba awiri pa nkhope imodzi ya A4 n'kujambula mbali zonse ziwiri, limalowa pa mapepala 80. Izi zimayenda bwino ngati bukulo ndi laling'ono. Likakhala lalikulu ngati A4, zilembo zimachepetsedwa kufika pafupifupi 70 pa 100, ndipo timawu ta m'munsi sitiwerengeka ndi tochi usiku. Malamulo musawachepetse, chifukwa mudzafuna malo olembapo m'mphepete. Mabuku a eni ake jambulani mutu umene mukufuna wokha, osati lonse. Ndalama imapulumuka, ndipo wolemba naye anakhetsa thukuta.

Funsaninso mtundu wa makina. Inki ya madzi imasungunuka ikangodonthedwa ndi mvula, ndipo amene amayenda pa njinga ya moto m'dzinja ku Angónia akudziwa kuti chikwama sichiteteza kwenikweni. Toner silowa madzi, koma ili ndi vuto lake m'chigwa cha Zambezi. Kutentha kwa October ndi November m'tauni ya Tete kukapitirira madigiri 40, zilembo za tsamba loyamba zimamatirira ku chikuto cha pulasitiki n'kuchoka pa pepala. Ikani pepala loyera pakati pa chikuto ndi tsamba loyamba. Pomanga, argola ikhale yotakasuka pang'ono kuposa mulu wa mapepala, apo ayi mabowo amang'ambika mwezi usanathe. Kumapiri kuno mdani ndi chinyezi ndi chiswe, choncho mabuku asakhale pansi kapena kutsamira khoma la dothi.

Ma PDF oyenda pa WhatsApp ndi a mitundu iwiri. Ena ndi zithunzi chabe za masamba, olemera, odya megabaiti, ndipo simungafufuzemo mawu. Yesani kufufuza mawu akuti criança. Foni ikapanda kupeza kanthu m'buku la za ana, ndiye kuti ndi zithunzi. Ena ndi olembedwa bwino, ndipo pa malamulo amenewa amaposa pepala chifukwa artigo mumaipeza nthawi yomweyo. Sungani malamulo onse mu foda imodzi imene imatseguka popanda netiweki, dzina la fayilo liyambe ndi nambala ndi chaka cha lamulo. Nkhani za m'magazini a maphunziro a ku Brazil zambiri zili pa webusaiti ya SciELO kwaulere, choncho musalipire munthu wokugulitsani zomwezo pa fulashi. Ndipo foni imene muli mabuku isakhale yosungiramo zithunzi za ma ficha a anthu amene mukuwathandiza, chifukwa foni imabwerekedwa ndiponso imabedwa.

Mutu umodzi susenza denga. Ophunzira asanu akasonkha, akhoza kugula colectânea imodzi yatsopano, buku limodzi la zida za ntchito ndi limodzi la metodologia, n'kumasinthana. Lembani pa kope amene watenga ndi tsiku lobweza, chifukwa mabuku a gulu amasowa nthawi ya mayeso.

Pali buku lina limene silipezeka m'sitolo iliyonse, ndipo aliyense ayenera kudzilembera yekha kuyambira chaka choyamba. Ndi kope la masamba 96 la mawu a ntchito, Chipwitikizi kumanzere, Chichewa kumanja. Maphunziro onse ali m'Chipwitikizi, koma mayi wa pakhonde uja adzalankhula Chichewa, kapena Chinyungwe ngati muli kumunsi. Tengani mawu akuti alimentos. Mukawamasulira kuti chakudya, bambo adzabweretsa thumba la chimanga n'kunena kuti wakwaniritsa, pomwe lamulo likutanthauza zonse zofunika pa moyo wa mwana: chakudya, pogona, zovala, chipatala ndi sukulu. Sigilo si kungoti chinsinsi basi, muyenera kukhala ndi chiganizo chokonzeka chouza mwana kuti zimene anene simudzaziulula kwa anthu wamba, koma ngati ali pangozi mudzauza amene angamuteteze. Tutela, família de acolhimento ndi adopção ndi zinthu zitatu zosiyana pa lamulo, chonsecho m'mudzi zonse zimatchedwa kulera, ndiye lembani mmene mungafotokozere kusiyana kwake kwa agogo amene sanapite ku sukulu. Mbali ina ya kopelo ikhale ya mawu ozungulira amene anthu amagwiritsa ntchito. Mayi akati munthu wina wamulakwira mwana, kapena wamuononga, kapena akuti amalume ake amasewera naye moipa, lembani mawuwo monga momwe anenedwera, ndipo mu relatório muwaike m'Chichewa momwemo musanawamasulire, kuti woweruza aone chimene chinatuluka pakamwa pa mwini nkhani.